Chithunzi Chimene Ndinayanika Padzuwa

Chithunzi cha madamu chija ndinachiononga ndine. Ndayambira pomwepa dala kuti ndisapeze pothawira, chifukwa ndimadzidziwa: ndikayamba ndi moni ndi za nyengo, pepala litha ndisananene. Yapita miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Mpaka lero madamu amakhulupirira kuti chinaonongeka ndi mpweya wa ku Dubai, ndipo akamafotokozera alendo nkhaniyi ine ndimakhala ndili pomwepo, thireyi m'manja, ndikupukusa mutu mwachisoni kuposa wina aliyense m'chipindamo.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa, dera lina la kuno ku Dubai, m'nyumba ya mpanda wautali, ndipo ndimagona komweko. Ndimaphika, kuchapa, kusita ndi kulera kamwana ka eni nyumba. Ndili ndi satifiketi ya zosamalira alendo yomwe ndinatenga pakoleji ina ku Blantyre. Kumeneko anatiphunzitsa kupinda kansalu ka patebulo kuti kaoneke ngati mbalame, kuyala bedi lopanda khwinya, ndi kumwetulira munthu akukukalipira. Za zithunzi zakale palibe mphunzitsi anatchulapo, ndipo mbali ina ya mlanduwu ndikanakonda itapita kwa iwo.

Kwathu ku Thyolo ndinasiya mwana wamkazi. Ndinachoka ali ndi zaka ziwiri, ndipo nthawi ya nkhaniyi anali atakwanitsa zinayi. Amamusunga achemwali anga, mkulu wanga weniweni, ndipo amamusunga bwino. Iye amawaitana kuti amayi. Palibe cholakwika, mkulu wa mayi ako ndi mayi ako, ndinakula ndikudziwa zimenezo. Chinkandiwawa n'chakuti ine ankanditcha anti a mufoni.

Loweruka lililonse masana madamu, bwana ndi kamwana kawo amapita kukazungulira m'masitolo a ku Downtown, ine n'kutsala ndi mulu wa zosita. Imeneyo ndiyo nthawi yanga yoimba foni ya vidiyo. Achemwali ankamugwira paphewa n'kumuyimika patsogolo pa foni ngati mwana wolakwa.

"Apatse moni amayi ako."

"Muli bwanji anti."

Basi, wapita. Ndinkangomva mapazi akuthamangira nkhuku, n'kutsala ndikuyang'ana chibwano cha achemwali ndi malata a khonde.

"Usadandaule iwe, ana ndi choncho," iwo ankatero. "Ukadzabwera adzakuzolowera."

Kuuza ine kuti ndisadandaule kuli ngati kuuza mbuzi kuti isiye kubzikula. Ndine munthu wa nkhawa chibadwire. Ndikamva kuti mwana wakhosomola kamodzi, m'mutu mwanga ndimakhala nditamugoneka kale kuchipatala, ndikusankha nsalu yoti ndivale pondege. Tsono ndinkaima pa ayironi ndikudziona tsiku lofika kwathu, nditatambasula manja, iye akubisala kuseri kwa chitenje cha achemwali. Ndinamutumizira nsapato zoyaka magetsi akamaponda. Anathokoza achemwali.

Chithunzicho chinali m'kanjira ka mkati mwa nyumba, pakati pa chipinda chodyera ndi ofesi ya bwana, pamalo opanda zenera. Sichinali chachikulu, ngati kope la kusukulu ukalitsegula. Chinali ndi galasi ndi felemu yakuda, ndiponso kakatani kakekake kobiriwira kokoka ndi chala. Tsiku langa loyamba madamu, omwe ndi mzungu wa ku England, anakoka kakataniko n'kundiuza kuti chinajambulidwa m'zaka za m'ma 1800 ndi mng'ono wawo wa agogo a agogo awo. Anati ndi penti wa madzi, uja umanyowetsa kaburashi n'kupaka papepala, ndipo atsikana a nthawi imeneyo ankaphunzitsidwa kujambula zimene awerenga m'ndakatulo. Pansi pake panali mizere inayi ya ndakatuloyo, yolembedwa pamanja ndi zilembo zopendekeka ngati udzu wowombedwa ndi mphepo. Sindinathe kuwerenga bwino, choncho madamu anandifotokozera. Mtsikana akudikira mwamuna amene anapita panyanja. Mwamunayo sabwera. Mtsikanayo akudikirabe mpaka kufa.

Ndinati, "N'zachisoni, madamu." Mumtima ndinati kwathu azakhali ake akanamupezera wina chaka chisanathe. Bambo a mwana wanga anapita ku Joni n'kusintha nambala, koma palibe amene anandijambula.

"Osachipopera mankhwala," anatero madamu. "Osachipukuta ndi nsalu yonyowa. Ndipo katani izikhala yotseka nthawi zonse."

Sindinafunse chifukwa chake. Pantchito ngati iyi ukamafunsafunsa amakuona ngati wogona m'mutu. Ndinadziyankha ndekha kuti bwana ndi Mwarabu, ndipo abale awo ena opemphera kwambiri sakonda kuona zithunzi za anthu pakhoma. Yankho limenelo linandikwanira, ndinalisunga zaka ziwiri.

Loweruka lina ndinkayendayenda m'nyumbamo kusaka pamene netiweki ikugwira bwino, ndipo ndinapezeka ndaima m'kanjira kaja. Mwana anali atapereka kale moni wake wa msonkho, phazi limodzi lili kale kunja. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinakoka kakataniko n'kulozetsa foni pachithunzi.

"Taona ichi."

Anaima. Anabwerera pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inadzaza foni.

M'chithunzimo mtsikana waima pamiyala, watipatsa msana, akuyang'ana madzi otuwa. Wavala diresi lalitali lotuwanso ndi chipewa chobisa mutu wonse, moti sungadziwe ngati ndi mzungu kapena ndani. Kumapazi kwake kuli kagalu. Chinthu chimodzi chokha chinali chowala, mpango wofiira umene wafunda m'mapewa.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine," ndinatero. Bodza linatuluka lokha, losaphika.

"Mukutani?"

"Ndikuyang'ana kwanu. Kutsidya kwa madziwo ndiye ku Thyolo."

"Tatembenukani."

"Ndikatembenuka ndikuphonya ukamadutsa."

Anaganiza kaye. Kenako anafunsa ngati galuyo amaluma, ngati amadya chiyani, ngati miyalayo siyoterera. Tinacheza mpaka bandulo ya achemwali inatha. Ndinakhala pansi m'kanjiramo ndikuseka ndekha ngati wamisala, malaya a bwana akudikira pa ayironi.

Kuyambira tsiku limenelo foni ankailanda yekha. Ankafuna mayi wa mpango, ndipo ine ndinkakonzekera sabata yonse ngati mlaliki. Galu uja anaba nsomba ya msilikali. Galu uja anadwala m'mimba chifukwa chodya sopo. Tsiku lina mphepo inafuna kundilanda mpango, ndinaigwira pakhosi. Sanayambe kunditcha amayi ayi, koma uanti unatha. Ankati, "Apatseni foni a mpango wofiira." Kwa ine kumeneko kunali kukwezedwa pantchito.

Vuto linali mdima wa m'kanjiramo. Foni ya achemwali ndi yotopa kale, ndipo mwana ankadandaula kuti sakuona galu. Ndiye ndinayamba kuchichotsa pamsomali, n'kupita nacho pakhomo la kukhitchini pamene pali kuwala. Pamenepo m'pamene ndinachiona bwinobwino koyamba. Pepalalo linali ndi timadontho tofiirira ngati nkhope ya nthochi yakupsa. Nditachiyandikiza kumphuno, kumbuyo kwake kunkatuluka fungo lomwe aliyense wa ku Thyolo amalidziwa, fungo la m'sutikesi chiperoni chikakhala sabata yathunthu.

Kwathu fungo limenelo lili ndi mankhwala amodzi. Chiperoni chikangotha, dzuwa n'kutuluka, mudzi wonse umatulutsa katundu panja: matiresi, mabulangete, masuti a ukwati, mabuku a nyimbo, ngakhale makalata a malo, titawapsinja ndi timiyala kuti asauluke. Mkazi amene sayanika zinthu zake amanenedwa pamjigo. Tsono ine ndikuona chuma cha banja la eni chikudyedwa ndi nkhungu mumdima, kunja kuli dzuwa loti kwathu tikanalipempherera, ndikanatani?

Ndinkati ndikatha kuimba foni, ndinkachitsamiritsa pakhoma la kuseri pamodzi ndi mapilo, chitayang'ana dzuwa, kuyambira wani koloko mpaka folo. Galasi linkatentha moti ndinkachinyamula ndi nsalu yogwirira mapoto. Ndinachita zimenezi Loweruka lililonse kuyambira Epulo mpaka Julayi, nthawi imene dzuwa la kuno limasungunula phula pamsewu. Fungo linathadi. Ndinkachibwezera pamsomali, kutseka katani, n'kudziona ngati wantchito wosowa, wochita ngakhale zimene sanamutume. Ndinafika poganiza kuti tsiku lina ndidzawauza madamu, iwo adzandikumbatira.

Chinthu chikamasintha pang'onopang'ono, wochiona tsiku ndi tsiku ndiye amakhala womaliza kuzindikira. Anazindikira ndi mwana. Kunali kutadutsa masabata awiri osaimba chifukwa foni ya achemwali inali kwa okonza. Nditamulozetsa chithunzi anachiyang'anitsitsa.

"Amenewo si inu."

"Ndine, taona galu."

"Inu ndi ofiira."

Anaika foni pampando n'kuchoka. Ndinatsala ndikuyang'ana malata aja a khonde.

Ndinafufuza mufoni chithunzi chimene ndinajambula mwezi wa Malichi, n'kuyerekeza. Mpango uja wofiira ngati magazi unali utasanduka mtundu wa tiyi wa mkaka wochepa masamba. Ndinalemba funso pa intaneti, ndipo yankho linabwera mosanyengerera: penti wa madzi amadyedwa ndi kuwala, makamaka wofiira wakale, ndipo akapita wapita. N'chifukwa chake amaika katani. Abale a bwana ndinkangowanamizira.

M'mawa mwake linali Lamlungu langa lopuma. Titatuluka m'tchalitchi ndinakwera basi kupita ku Al Mankhool kwa mnzanga wa ku Chipata, amene amagulitsa perefyumu m'sitolo ina ku Downtown. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ndipo wakhala kuno nthawi yaitali moti palibe chimamudabwitsa. Tinakhala m'kalesitilanti ka pansi pa nyumba yawo tikumwa tiyi wa karak, wa mkaka ndi zonunkhiritsa. Ndinamufotokozera zonse. Anaseka mpaka anatsamwa, mwini lesitilanti anachita kumubweretsera madzi.

"Iwe mwana, unayanika chithunzi cha bazungu monga kapenta?"

"Musaseke asisi, nkhani yavuta."

"Nanga sunachitembenuze kuti chiume na kumbuyo?"

"Asisi."

"Awe, nasiya." Anapukuta misozi. "Manje uzachita bwanji? Uza chabe madamu. Azakalipa, azalira, khalas, nkhani yasila. Bazungu bakonda munthu okamba zoona, baona monga ni filimu."

"Akadziwa achichotsa pakhomapo. Ndiye Loweruka ndimuonetsa chiyani mwana?"

Anandiyang'ana kapu ili pakamwa.

"So iwe siuyopa kukwezedwa ndeke. Uyopa kamwana ka zaka folo."

"Eya."

"Mulandu wako ni wina," anatero. "Yalla, tiye, imwa tiyi, yazizira."

Sanandipatse nzeru iliyonse, ndipo ndikufuna zimenezo zidziwike, chifukwa zotsatirazi ndinaganiza ndekha ndi mutu wanga wa satifiketi.

Lolemba ndikutsegula filiji ndinaona jagi ya chakumwa chimene bwana amakonda. Kuno amati karkade, koma ndi chidede chathu chomwechi, chowiritsa n'kuziziritsa. Ndinakumbukira yunifolomu yanga ya ku pulayimale imene chidede chinaidontherapo, mayi anga n'kuichapa chaka chonse banga osachoka. Ndinaviika chala n'kupaka kuseri kwa envelopu. Kufiira kwake kunali komwe kuja, ngati mtsikana wa m'ma 1800 uja anachita kubwereka kwathu.

Loweruka galimoto itangotuluka pageti, ndinayala thaulo patebulo la kukhitchini. Kumbuyo kwa felemu kunali pepala lomata ndi timisomali topinda. Ndinazitukula ndi mpeni wopakira batala. Pepala la chithunzilo linali lopepuka ngati tsamba louma la fodya. Ndinapemphera kaye, ngakhale sindikudziwa kuti pemphero lotere amalilandirira pakhomo liti kumwamba. Kenako ndinatenga kathonje kotokosera m'khutu, kuviika m'kapu, n'kuyamba kudontheza pamapewa a mtsikanayo.

Ndisaname, ndinagwira ntchito yabwino. Sindinatuluke mumzere ngakhale pamodzi. Pamakwinya a mpango ndinabwereza kawiri kuti pade. Nditamaliza ndinaima patali n'kuona kuti mwina koleji inandiphonya, ndikanakhala wojambula.

Ndinaimba foni.

"Mwauchapa?" anafunsa mwana.

"Ndagula watsopano."

"Wakale uja mwapatsa galu?"

"Eya, akugonera."

Anakhutira. Tsiku limenelo anandiimbira nyimbo ya ku sukulu ya mkaka, yonse, ndi manja omwe.

Chisangalalo changa chinakhala masiku atatu. Lachiwiri nditasuzumira kuseri kwa katani, mpango unali utasanduka wa mtundu wa biringanya. Chidede pansalu n'china, papepala lakale n'china, ndipo palibe amene anandiuza. Ndinadzitonthoza kuti mwana ndimuuza kuti ndi wa kutchalitchi, ndipo madamu satsegula kataniyo kawirikawiri. Koma ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Karkade wa bwana amakhala ndi shuga wambiri. Ndimathira ndine.

Lachitatu m'mawa ndinaona mzere wa nyerere ukuchokera pakhomo la kukhitchini, kutsata m'munsi mwa khoma, kukhota bwinobwino pakona, kukwera, n'kulowa pansi pa kakatani kobiriwira. Zinkayenda mwadongosolo ngati amayi a chigwirizano popita kumaliro. Ndinazipukuta. Masana zinabwerera ndi abale awo. Kupopera mankhwala sindikanatha, poti lamulo limenelo ndiye ndinkalisungabe. Ndinathira viniga pansi, ndinapaka sopo m'mphepete mwa khoma, ndinafika poika kabisiketi pakona ina kuti mwina zisinthe maganizo. Zinadya bisiketi n'kupitiriza ulendo.

Lachinayi madamu anabwerako msanga kuntchito. Anavula nsapato pakhomo monga mwa nthawi zonse, ndipo nyerere ina inawaluma chala. Ndinali ndikudyetsa kamwana kawo, ndipo ndinawaona akuwerama, akutsata mzere uja pang'onopang'ono mpaka kulowa m'kanjira. Ndinamva katani ikukokedwa.

Atandiitana ndinapita nditanyamula mwanayo kutsogolo ngati chishango.

"Wachionapo chithunzichi posachedwa?"

"Katani imakhala yotseka, madamu."

Limenelo silinali bodza lonse. Masiku asanu ndi limodzi pasabata inkakhaladi yotseka.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndinali nditakonzeka kumwetulira monga anatiphunzitsira. Koma madamu anangokhala pansi pomwe ndinkakhala ine paja, n'kuyamba kulira mwakachetechete. Anati mayi awo anawachenjeza kuti asabwere nacho kudziko lotentha, iwo anachita makani chifukwa ankafuna kanthu kamodzi ka kwawo m'nyumba muno. Pamenepo ndiye panandilasa. Mawu anafika pakhosi, ndinatsegula pakamwa, n'kufunsa ngati ndiwapangire tiyi.

M'mawa mwake tinapita nacho kwa mkulu wina wa ku India amene amakonza mafelemu, ine nditatengedwa kuti ndizigwira mwana. Anali bambo wa imvi, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Anachitembenuza, anayang'ana timisomali tija tomwe ndinatibwezera mokhotakhota, n'kutulutsa pepalalo. Anagwedeza nyerere ziwiri zakufa. Anakhudza mpango ndi nsonga ya chala, chala chinamata pang'ono. Ananunkhiza. Kenako anakweza maso pamwamba pa magalasi, osayang'ana madamu, kuyang'ana ine. Ine ndinayamba kukonza sokosi ya mwana yomwe inali bwinobwino.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa madamu.

Mkuluyo anapukuta magalasi ake nthawi yokwanira kuti ine ndilongedze sutikesi m'mutu, nditsanzike mnzanga wa ku Chipata, ndi kutera pa Chileka.

"Chinyezi, madamu," anatero. "Kutentha, eyakoni yoziziritsa nyumba, chinyezi. Dubai sakonda zinthu zakale. Chibwezereni kwanu."

Foni ya madamu inalira, anatuluka panja kukayankha. Mkuluyo anapitiriza kukulunga chithunzicho m'pepala loyera, osandiyang'ananso.

"Karkade wabwino, sisita," anatero motsitsa mawu. "Koma shuga wachuluka."

Ndinati shukran, zikomo wa kuno. Sindikudziwa chimene anandikhululukira. Mwina nayenso ali ndi chake chimene anayanikapo.

Sabata yomweyo chithunzi chinatumizidwa ku England kwa mayi a madamu. M'kanjiramo munatsala msomali ndi kakatani kosaphimba kanthu. Ntchito inapulumuka, koma ine sindinkaganiza za ntchito. Ndinkaganiza za Loweruka.

Ndinakonza mabodza atatu. Loyamba, a mpango apita kumsika. Lachiwiri, akusamba. Lachitatu, lomwe ndinkalidalira, galu wathawa ndiye akumusaka. Ndinaimba foni nditaima kukhitchini, kumbuyo kwanga kuli khoma loyera ndi mapoto.

"Ali kuti?" Sanapereke n'komwe moni.

Ndinamuyang'ana. Anali atameta, mutu ukuwala mafuta, dzino limodzi lakutsogolo litathyoka pang'ono, ine osadziwa kuti linathyoka liti. Mabodza onse atatu anandithawa. Ndinali nditatopa.

"Mwanawe, amene aja sindinali ine. Chinali chithunzi cha eni nyumba ino. Ndachiononga, ndiye achichotsa."

Ndinadikira kumva mapazi akuthamanga. M'malo mwake nkhope inayandikira mpaka ndinangotsala ndikuona diso limodzi.

"Mwachiswa?"

"Ndinachithira chidede."

"Dala?"

"Dala pang'ono."

"Akukwapulani?"

"Sakudziwa kuti ndine."

Diso lija linakula. Kenako foni inayamba kugwedezeka, ndinaona thambo, nthochi, khoma la bafa. Ndinamva achemwali akufuula chapatali kuti asagwetse foni. Mwana atafika kuseri kwa bafa anakhala pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuika pakamwa pafoni penipeni moti ndinkangoona mano.

"Inenso ndinaswa kapu ya maluwa ija. Ndinaikwirira pa nthochi. Iwo akuti yabedwa." Anapuma. "Amayi, musanene."

Ndinamva bwinobwino. Netiweki tsiku limenelo inali yabwino kuposa masiku onse.

"Wati chiyani? Foni ikudukaduka."

"Ndati amayi musanene."

"Sindikumva, tabwereza."

"Amayi inu, ndati musanene."

Ndinalonjeza. Nditadula foni ndinapsereza kolala ya malaya a bwana, ndipo imeneyonso inapita pa dzina la ayironi.

Kuchokera pamenepo Loweruka lililonse amatenga foni n'kupita nayo kuseri kwa bafa. Amandiuza milandu ya sabata yonse. Ananyambita shuga. Anatsegulira anapiye dala kuti awaone akuthamanga. Anatukwana mbuzi ya aneba. Akamaliza amati, "Nanga inu amayi?" ndipo ndiyenera kukhala ndi changa, apo ayi amaona ngati ndamuchenjerera. Masabata ena ndimapeka. Masabata ena, kuti ndisanamize mwana, Lachisanu ndimadya chokoleti chimodzi cha madamu.

Achemwali akudabwa. "Mumakambirana chiyani kuseriko anthu inu?"

"Za sukulu."

"Komanso kapu yanga ya maluwa ija mpaka lero. Anthu a pano ndi akuba."

"Makapu amasowa, achemwali," ndinatero. Ndinawagulira ena sikisi, ali m'sutikesi.

Ndikudziwa chimene mayi wabwino akanachita. Akanamuuza mwana kuti apite akafukule kapuyo, akagwade, akapepese. Ndimaphunzitsa Sande sukulu ndikakhala kwathu, mavesi ake ndimawadziwa. Koma ndingamutume bwanji kukapepesa pamene ine ndimadutsa pa msomali uja kakhumi patsiku, madamu akuusa moyo, ine n'kuusa nawo? Ndipo ndikamutuma, adzabwereranso nayo foni kuseri kwa bafa? Masiku ena ndimati Lolemba ndiwauza madamu, kenako Loweruka ndimuuze mwana kuti ndaulula, aone kuti munthu safa nazo. Lolemba likafika madamu amakhala otanganidwa, kapena ine.

Mnzanga wa ku Chipata akuti ndikulera tsotsi pa vidiyo. Mwina akunena zoona. Koma tsotsi ameneyo amandidikira Loweruka, amakana kupita kosewera foni isanalire. Inu amene ana anu amagona m'nyumba imodzi ndi inu, ndi inu anzanga amene mumawalera pagalasi la foni ngati ine, tandiuzani mosandinyengerera: pamene ananong'ona kuti ndisanene, ine n'kulonjeza, ndinalakwa?